Botolo la ku Chelstone

Chanda, tandipatsa foniyo ndione. Ayi, usandiwerengere, maso ndili nawo, ingokulitsa chithunzicho. Eya. Botolo lobiriwira, chitsekerero choyera, pambali munthu wovala chijasi cha udokotala akumwetulira ngati wapeza mwana. Ndiye ukuti tiwagulire amayi ako limeneli kuti bipi yawo itsike? Mwana iwe, khala pansi. Nawenso Mapalo, zimitsa kanemayo ubwere kuno. Amayi anu ndi atate anu apita kuchipatala kukawongola mkono uja, sabwera msanga, ndipo ine lero ndilankhula. Akuluakulu a nyumba ino anapangana kuti ana asauzidwe zonse, ati mungasokonezeke kusukulu. Onani tsopano zipatso za kubisa. Mwana wanga Jesina anatsala pang'ono kufa chifukwa cha botolo, ndipo lero mwana wake womubala yekha akufuna kumugulira lina.

Musandiyang'ane choncho. Ndimakumvani m'khichini mukunong'onezana kuti, "Ba mbuya bakalipa che." Inde ndikalipa. Mukamva mudziwa chifukwa chake.

Ine ndinabwera mu Lusaka muno ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, kuchokera kwathu ku Katete. Inu minibasi ikachedwa pang'ono pa Woodlands apa mumafuna kulira. Ife tinkakwera basi ya mipando yolimba ngati benchi la m'kalasi, nkhuku pansi, matumba pamwamba, fumbi m'mano. Kamba wa paulendo anali mbatata yootcha, mtedza wokazinga ndi chigubu cha thobwa. Pofika pa Luangwa thobwa lija linali litasasa ndi kutentha, ukatsegula chigubu linkachita fwee, koma tinkamwa ndithu ndi kupatsirana ndi anthu osawadziwa. Palibe anatsegula m'mimba.

Agogo anu aamuna, a Sakala, anandifikitsira ku Chilenje, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Kanyumba kanali kakang'ono koma bwalo linalipo. Kuseri ndinabzala nkhwani, amene inu mumati chibwabwa, kholowa amene mumati kalembula, ndi therere. Bonongwe ankamera yekha pamene tinkataya phulusa la mbaula. Nyemba zinkachokera kumudzi m'thumba. Nyama inali ya pamapeto a mwezi, ndipo nkhuku ikafa pakhomo ndiye kuti kwabwera mlendo wolemekezeka. Sindikunena kuti unali moyo wa paradizo, ayi. Madzi ankavuta, utsi wa makala unkatilowa m'maso, ndipo mchere tinkathira ndi dzanja lonse. Koma m'mbale munkakhala zinthu zamitundumitundu, ndipo kumsika tinkapita wapansi.

Nyumba yoyandikana nayo munali mayi wachilamba wa ku Kopala, kumigodi kuja. Ameneyo ndiye anandiphunzitsa munkoyo, chifukwa kwathu tinkadziwa thobwa lokha. Umaphika phala la ufa wa mgaiwa, ulisiye lizizire mpaka chala chizipirira, kenaka uponyemo mizu ya munkoyo yosinjasinja. Phala lolimba lija limasungunuka lokha nkukhala madzi. Usefe, uthire m'chipanda, ulisiye ligone. Mawa lake latsekemera, mkuja layamba kuwawasa bwino. Anandichenjeza kuti mizu ndizigula kwa munthu womudziwa, chifukwa ilipo ina yofanana nayo yomwe imapha. Amayi anu anakulira chakumwa chimenecho. Ankabwera kuchokera kusukulu, yunifolomu ili mbuu, nkulunjika ku chipanda asanapereke ndi moni womwe.

A Sakala ankagwira ntchito pa chigayo chachikulu ku mafakitale, uko ku Indasitiriyo. Ankapita pa njinga, nkubwera madzulo nsidze zili zoyera ndi ufa ngati nkhalamba. Iwo ndiwo anandiuza zimene makina aja amachita. Chimanga chikalowa, makina amachisenda, amachotsa gaga ndi kamtima kake, choyera chokhachokha nkupita m'matumba a ufa woyera umene amati bulekifasi. Nanga gagayo? M'masaka, kupita ku mafamu, kukadyetsa nkhumba ndi nkhuku. Ankaseka a Sakala, amvekere, "Nkhumba za m'mafamu zikunyezimira, ife tikulipira zambiri kuti atichotsere chimene chikuzinyezimiritsa." Ankaseka, koma iwo omwewo sankafuna kuona mgaiwa pa tebulo. M'Chilenje monse ufa woyera unali ulemu. Kumuphikira mlendo nsima ya lola, ufa wosayera uja, kunali ngati kumuuza kuti pakhomo pano zinthu zavuta.

Atakwezedwa kukhala kapitawo, njinga anaisiya. Masana ankadya kukantini, nyama yokazinga tsiku ndi tsiku, ndipo asanalawe nkomwe dzanja linali litafika kale pa mchere. Mimba inatuluka, anthu nkumati a Sakala zawayendera. Kukiliniki ya kuntchito anawayeza nkuwauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, nawapatsa mapilisi. Anamwa pang'ono nkusiya. Ndikawafunsa ankati, "Amake Jesina, munthu amamwa mankhwala akadwala. Ine pakundiwawa ndi pati?" Ndicho chinyengo cha matenda amenewa, ana inu. Chakudza sichiimba ng'oma. Mmawa wina anagwa pa siteji ya basi pa msika wa Chilenje, chipewa m'manja. Pamene ndinkafika kuchipatala anali atawaphimba kale.

Pamaliro abale a kumudzi anayamba zonong'ona, ati alodzedwa ndi anzawo chifukwa cha ukapitawo. Namfedwa salankhula, koma ine ndinkadziwa chimene chinawapha. Chinali m'kabati, mapilisi osamwedwa. Maliro atatha ndinapita ndekha kukayezetsa, nanenso anandipeza nayo bipi. Kuyambira pamenepo kapilisi kanga ndimamwa mmawa uliwonse, ndipo ndi ine pano, ndaona inu mukubadwa, ndaona Chanda akumera mano ndi kuwagulula. Jesina nthawi imeneyo anali ku sekondale. Atate ake anawaona ali m'bokosi. Ichi ndicho chimandipweteka koposa, chifukwa sanali mwana wosadziwa.

Anaphunzira, anapeza ntchito ya mu ofesi m'tauni, nakwatiwa ndi atate anu, Bashi Chanda, munthu wa ku Kopala, wabwino mtima, wopemphera. Zimenezo sindiwalanda. Atamanga nyumba ino ananditenga ku Chilenje, ati ndisamakhale ndekha. Ndinabwera ndi chipanda changa ndi kamtolo ka mizu. Sabata isanathe ndinapeza mizu ija ili m'bini panja pa geti. Atate anu anaima chapatali, mwaulemu ndithu, manja kumbuyo.

"Ba mayo, munikhululukile. Mizu izi sizingankhale mu nyumba muno. Ku chechi banatiuza kuti vonse va mizu ni va mudima."

Va mudima! Chakumwa chimene chinalera mkazi wawo! Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga chinangwa si muzu, karoti amene mumagula m'mashopu si muzu? Koma kwathu mpongozi sakangana ndi mkamwini. Ndinameza. Ndinayang'ana Jesina kuti mwina anenapo kanthu, iye anangoti, "Mami, visiyeni chabe, vinunkhisa na mu khichini." Chipanda chinapita ku sitolo ya kuseri pamodzi ndi matayala akale. Ndinati chabwino, ndibzaleko nkhwani kumbuyoku. Mwezi wotsatira kunabwera amisiri, bwalo lonse anayala njerwa za simenti mpaka kukhoma, ati matope amadetsa galimoto.

Ndiye tinkadya chiyani? Inu mukudziwa, chifukwa mpaka lero mumachilira. Soseji, poloni, chipisi, nkhuku ya m'bokosi, buledi woyera wofewa ngati thonje, timibulu ta supu tothira mu ndiwo iliyonse, ndi zakumwa zotsekemera zodzaza firiji. Masamba ankabwera ngati chokongoletsa m'mphepete mwa mbale. Amayi anu ankachoka pampando wa galimoto kupita pampando wa mu ofesi, masana kutuma munthu akawagulire chipisi, madzulo kukhala pa mzere wa magalimoto mpaka mutu kuwawa. Ali ndi pakati pa iwe Mapalo, anawapeza ndi bipi. Iwe unabadwa, bipi inatsala. Anayamba mapilisi, ndipo kwa zaka ndithu ankamwa bwinobwino. Mmawa tinkakumana pa sinki, iye ndi kapilisi kake, ine ndi kanga.

Kenaka kunabwera Bana Mutale. Mukuwadziwa, mayi wa ku Chelstone uja woimba kwaya kutchalitchi kwanu, wa mawu okoma, amene ankakupatsani maswiti. Loweruka lina anafika pano ndi chikwama, nakhala pa mpando womwe wakhalapo Chandawo.

"Muli shani ba mayo? Nabwela na nkhani yabwino."

Anatulutsa botolo ndi foni, natisonyeza kanema. Ati m'matumbo mwa munthu muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tina tabwino tina toipa, ndipo tabwino tikachepa bipi imakwera. Ati m'botolomo muli tizilombo tabwino tochokera kunja.

"Bipi iyambila mu mala, sista Jesina. Mukakonza mu mala, mapilisi simuzayafunanso. Aja mapilisi ni ma kemiko, yaononga impso. Ine nasiya, onani mwamene nilili."

Ine ndinaseka poyamba. Ndinati tizilombo m'mimba ndi njoka zam'mimba, ndipo zimenezo timazipha, sitizigula. Jesina anachita manyazi nane pamaso pa mlendo.

"Mami, imwe simungamvele. Ivi ni va sayansi."

Chabwino, ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma ndinamuuza pomwepo, mlendo akumva, kuti imwa tizilombo takoto ngati ukufuna, koma mapilisi usasiye, kumbuka atate ako. Anavomera ndi mutu. Anandinamiza mwana ameneyu. Pa sinki anasiya kubwera, ati akumwera ku ofesi. Atate anu ankadziwa. Anapita naye kutsogolo kutchalitchi kukachitira umboni kuti wamasulidwa ku mapilisi, anthu nkuwomba m'manja. Ine ndimapemphera kwina, ndiye zinandidutsa. Inu munali kusukulu yogonera komweko. Mpingo wonse unkadziwa, mayi wake yekha ndiye sankadziwa.

Ndinayamba kumuona akugwira kumbuyo kwa mutu, akutsinzina pa kuwala. Ndikafunsa, "Nili che bwino mami, ni kulema chabe." Bana Mutale anamuuza kuti mutu ukamawawa ndiye kuti zoipa zikutuluka m'thupi, awonjezere kumwa.

Mmawa wa tsikulo anali atavala kale za kuntchito, ataima m'khichini muja akuthira tiyi. Ndinamva kapu ikusweka. Nditalowa ndinamupeza atatsamira firiji, akuyang'ana dzanja lake lamanzere ngati la munthu wina. Anafuna kunena kuti mami, koma mawu anatuluka ngati ali ndi phala m'kamwa, ndipo mlomo unali utakokera mbali imodzi. Ndinamugwira asanafike pansi. Atate anu anathamangira, ataona anagwada, nayamba kufufuza nambala ya abusa pa foni kuti abwere adzapemphere.

Ana inu, zaka zonse zimene ndakhala m'nyumba ino sindinakwezepo mawu kwa mkamwini wanga. Tsiku limenelo ndinakuwa mpaka mlonda wa nyumba yachitatu anamva.

"Bashi Chanda, nyamulani mkazi wanu! Mupemphera mukuyendetsa! Mulungu samva pa khichini pokha!"

Anandiyang'ana ngati ndawamenya, koma ananyamula. Unali mmawa, magalimoto ali ndii kulowera m'tauni. Ine kumbuyo, mutu wa mwana wanga pamiyendo, malovu akutsikira pa chitenje changa, diso limodzi likundiyang'ana. Ndinatsitsa galasi nkumakalipira aliyense, oyendetsa minibasi, ogulitsa nyuzi, wapolisi yemwe. Kondakitala wina atasuzumira nkuona, anadumpha m'basi yake nayamba kutitsegulira njira ndi manja. Sindimudziwa mwana wa eni ameneyo, koma ndimamupempherera.

Kuchipatala anatilandira mwachangu. Anati ndi sitiroko, ndipo tikanachedwa tikanalankhula zina. Atamugoneka, dokotala wina wamkazi, wamng'ono msinkhu ngati Jesina yemweyo, anatifunsa mankhwala amene wodwala amamwa. Atate anu anatulutsa botolo lija m'thumba la jekete, mutu uli pansi. Apo mpamene ndinadziwa zonse. Dokotala analitembenuza, nawerenga, napuma mpweya wautali. Sanakalipe. Ine ndinkafuna akalipe.

Tsiku lina ndinamupeza dokotala uja pakhonde la wodi ndi kumugwira mkono. Atamva kalankhulidwe kanga anasiya chinyanja cha m'tauni nayamba chathu chenicheni, kwawo kunali ku Chadiza. Ndinati, "Mwanawe, undiuze zoona. Nkhani ya tizilombo ta m'matumbo ndi bodza, eti?"

"Si bodza, amama," anatero. "Ndicho chifukwa chake anthu akukodwa. Tizilomboto tilipodi, tambirimbiri, m'matumbo mwa aliyense, mwa inu ndi mwa ine. Timadya zimene mimba yathu yalephera kugaya, monga makoko a nyemba, gaga wa chimanga, mitsitsi ya masamba, zipatso. Tikadya timatulutsa timadzi tina timene timalowa m'magazi, ndipo timadzi timeneto timathandiza mitsempha kuti imasuke, magazi aziyenda osapanikizika. Munthu akamadya zoyera zokhazokha, zamafuta ndi zamchere wambiri, tabwinoto timasowa chakudya, timachepa. Ofufuza akuona kuti anthu ambiri a bipi m'matumbo mwawo mumakhala mosiyana ndi mwa anthu opanda bipi."

Ndinati, "Ndiye Bana Mutale ananena zoona?"

"Ananena theka. Ofufuzawo sanamalize, akadaphunzira. Bipi ili ndi makolo ambiri, amama, mtundu, mchere, kunenepa, kukhala pansi, nkhawa, impso. Matumbo ndi kholo limodzi chabe. Ndipo palibe botolo limene ine ndingauze munthu kuti amwe m'malo mwa mapilisi. Ili sindikudziwa nkomwe ngati muli chamoyo. Ngakhale mukanakhala tamoyo, mukatithira m'mimba momwe mulibe chakudya chake, tikadya chiyani?"

Ana inu, ndinakhala pa benchi ukali utandigwira. Ndinakumbuka nsidze zoyera za a Sakala ndi masaka a gaga akupita ku nkhumba. Anatichotsera chakudyacho m'ufa, tinawalipira. Tinayala simenti pamene pankamera masamba, tinalipira amisiri. Zonse zitatha, abwera ena ndi botolo kudzatigulitsa chimene tinataya, ndipo akutiuza kuti titaye ndi mankhwala omwe. Kodi ife ndife anthu kapena munda wa aliyense?

Ndinafunsanso za munkoyo, ndipo ndisakunamizeni, ndinkafuna anene kuti ndiwo mankhwala, kuti ndikawaimbire atate anu nyimbo. Anakana kundipatsa chimenecho. Anati zakumwa zosasa ngati munkoyo, thobwa ndi mabisi, amene kwathu timati chambiko, zili ndi tizilombo tamoyo ndipo zingathandize m'mimba, bola zikhale zaukhondo ndi zosathira shuga wambiri, koma iye sanganene kuti zimachiza bipi. Kenaka anandifunsa mmene ndimaphikira therere. Nditamuuza za soda ndi mchere anagwira pakamwa. Ati, "Amama, inunso muchepetse dzanja." Ndinatuluka wokalipiridwa nanenso. Ndachepetsa, ngakhale ndiwo zake zimakoma ngati madzi a mvula.

Zotsatira mwaziona ndi maso anu pamene munabwera pa holide. Amayi anu anaphunziranso kuyenda, kugwira supuni, kutchula mayina anu. Dzina lako Mapalo linawavuta masiku ambiri, ankalira akalephera, iwe sunadziwe. Mwendo wabwerera, mawu abwerera, mkono ndiwo ukukanabe. Ntchito ya m'tauni ija akuigwira munthu wina. Mapilisi akumwa, ndipo ndimaimirira pomwepo mpaka ameze, kaya akwiye kaya asakwiye.

Atate anu sananene kuti pepani, amuna a mtundu wawo mawu amenewo amawalemera. Koma Loweruka lina ndinamva kugogoda kuseri. Ndinawapeza okha ndi chitsulo, thukuta lili kamukamu, akuzula njerwa za simenti. Anazula malo okwanira mphasa zitatu, nati, "Ba mayo, apa pangamele chibwabwa?" Ndinati pamera. Ndi masamba amene mukudya aja, amene Mapalo amawakankhira m'mphepete mwa mbale ngati ali ndi minga. Ndimakuona, mwana iwe. Nyemba, mgaiwa, impwa, mapeyala, zimene mukuti chakudya cha odwala, ndi chakudya chakuti musadzadwale. Magazi a Sakala ali mwa inu nonse awiri, ndipo iwe Chanda wakula, ukayezetse, usadikire mutu.

Tsono Bana Mutale. Nthawi yonse imene Jesina anali m'chipatala sanabwere. Kwaya inabwera, abusa anabwera, iwo ayi. Foni sankayankha. Ine ukali unkandidya usana ndi usiku, chakudya osalowa. Jesina atatuluka, ndinafunsa mayi wina wa kwaya kumene amakhala, ndinavala chitenje changa cholimba, botolo lija m'chikwama, osauza munthu. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, nkukweranso ina ya ku Chelstone. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinali nawo okwanira, ena achichewa, ena achibemba amene ndinawasunga kuyambira ku Chilenje osawagwiritsapo ntchito. Ndinafuna ndikaime pa geti, anansi onse atuluke amve.

Geti linali lotsegula. Ndinaodira, palibe woyankha. Ndinalowa. Pabalaza makatani anali otseka masana dzuwa lili phwee, ndipo m'mbali mwa khoma munali makatoni a mabotolo aja, osanjikizana mpaka pawindo. Bana Mutale anali pa sofa, kansalu konyowa pamphumi, mapazi atatupa ngati mikate, maso ofiira. Atandizindikira anatsetsereka pa sofa nagwada.

"Ba mayo, nipayeni chabe. Nenze kuyopa kubwela. Sinigona, nimuona sista Jesina pa menso."

Ndinatulutsa botolo ndi kuliika pa tebulo mwamphamvu. Ndinayamba ndithu. Ndinati mwana wanga anakulakwirani chiyani, munaphunzira kuti udokotala, mukudziwa kuti sangathe kumanga chitenje yekha? Iwo ankangolira, dzanja lili kumbuyo kwa mutu. Dzanja limenelo ndilo linandidula mawu. Ndinali nditaliona kale kwa mwana wanga Jesina.

Ndinati, "Inu, mapilisi anu munayambanso?"

Anapukusa mutu. Ati amene anawalowetsa m'malondawo, munthu amene sanamuonepo ndi maso, amangolankhula naye pa foni, anawauza kuti wogulitsa akamamwa mapilisi ndiye kuti alibe chikhulupiriro pa katundu wake. Atamuuza za Jesina, anayankha kuti ameneyo sanamwe mokwanira, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambala yake sinalowenso. Mayi uja sankanama pamene ankati wasiya mapilisi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo tsopano ankaopa kupita kukiliniki, ati akamumanga.

Ndinayang'ana makatoni aja, ndinayang'ana mayi ali chogwada. Amene ndinkafuna kumutukwana kwenikweni analibe nkhope, analibe geti loti ndikaimepo. Ukali sunathe, musaganize kuti unatha. Unangosowa pokhala.

Ndinati, "Imani. Valani nsapato."

"Tiyenda ku polisi, ba mayo?"

"Valani nsapato, ndanena."

Nsapato sizinalowe, anavala patapata. Ndinawagwira pamkono ngati mbuzi yopita kumsika, pang'onopang'ono mpaka kukiliniki ya komweko, ndikuwakalipira njira yonse, anthu akutiyang'ana. Nesi anawakulunga chija choyezera pamkono, napopa, nayang'ana. Anasintha mkono nayezanso. Kenaka anaimirira nkukaitana mnzake, ndipo awiriwo anawagoneka pabedi pomwepo, nati asadzuke ngakhale kupita kuchimbudzi.

Zitakhazikika pang'ono, nesi uja anatembenukira kwa ine.

"Mwachita bwino kubaleta lelo, ba mbuya. Nanga imwe ndimwe bandani babo? Ba mayi babo?"

Bana Mutale anandiyang'ana ali pabedi paja, misozi ikulowa m'makutu, akudikira chimene ndinene.

Ndinati, "Ine si mbale wawo. Ndabwera nawo kuti asafe ndisanamalize kuwakalipira."

Nesi anaseka, ankayesa nthabwala. Bana Mutale sanaseke, ndipo inenso sindinaseke. Ali moyo mpaka lero, akumwa mapilisi awo, ndipo ine sindinamalize.